Kaunjika si manyazi aise, manyazi ndi kutisandutsa dzala

Mwezi wathawu ndinali pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Chilomoni, nditatchena jekete langa lija labulawuni, nde kukubwera mkulu wina amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, kuligwira pa phewa, kulisisita, amvekere "koma achimwene ili ndi la ku Joni eti, mwaoda kwa ndani?" Ine osabisa ndinangoti ayi akulu, ili ndinalitola pa mulu mu Limbe nditawerama ngati ndikuzula mtedza. Nkhope ya munthu uja inasintha pompo, dzanja nkuchotsa ngati wagwira mbaula ya moto. Jekete lomwelo, ulusi womwewo, lomwe amalisilira posachedwa pomwepa, langosanduka chinthu chonyansa chifukwa cha mawu amodzi basi. Chomwe chinanditsiriza nchakuti malaya amene iyeyo anavala mabatani ake anali kumanzere, ndipo aliyense amene anakulira pa kaunjika amadziwa tanthauzo lake, imeneyo inali bulauzi ya mayi wina wake wa ku Manchester kaya wa ku Toronto. Sindinawauze. Pa chinkhoswe sitiyalutsana.

Tonse timavala kaunjika, tisanamizane. Wa kabaza, mphunzitsi, namwino, abusa, bwana wa ku banki amene amatsika galimoto patali nkutuma mnyamata kuti akamusankhire mataye, tonse. Kusiyana kwake nkwakuti ena amawerama okha pa Tsoka kapena pa Zigwagwa, ena amadikira kuti mtsikana wina awerame m'malo mwawo, achape, asite, apachike pa hang'ala, ajambule nkuponya pa WhatsApp kapena pa Facebook mtengo utakwera kanayi, nde akagula pamenepo akuti agula ku butiki. Palibe vuto, nayenso mtsikanayo geni yake ndi imeneyo ndipo maso osankhira bwino ndi luso lofunika kulipira. Koma kunyoza mulu uku ukuvala zochokera pa mulu womwewo, zimenezo nde ayi.

Ndipo si ife tokha. Ku Zambia amati salaula, mawu oti kusankha pa mulu, ku Tanzania ndi ku Kenya ndi mitumba, ku Zimbabwe mabhero, anzathu a ku Mozambique amati calamidade, ku Ghana amati obroni wawu kutanthauza kuti mzungu wafa. Ife tinangoona mmene zimaunjikidwira pansi nkuti kaunjika, dzina losabisa mawu.

Chomwe chimandiseketsa masiku ano nchakuti kwa azungu komwe kumachokera zovalazi, kugula zovala zakale kwasanduka fashoni ya anthu ozindikira. Achinyamata a ku London akulimbirana majekete akale pa misika ya pa intaneti ya Vinted ndi Depop, akudzitama kuti akuteteza chilengedwe, ndipo sakunama. Koma ife zimenezi tinayamba kale popanda kuzipatsa dzina lokoma. Mayi anga malaya amodzi a yunifolomu amadutsa ana atatu, kolala ikatha amaitembenuza, akang'ambika pa chigongono amadula manja kukhala aafupi, akafikapo posavalika amasanduka chopukutira mbale, kenako mopu, ndipo mabatani amachotsedwa kaye nkusungidwa mu kachitini ka Vaseline. Sanamvepo za kusintha kwa nyengo nthawi imeneyo, amangodziwa kuti nsalu sitaya.

Ganizo langa ndi ili, ndipo ndilinena mosazungulira. Kwa munthu wa thumba la Mmalawi wamba, chovala chabwino cha kaunjika chimaposa chatsopano chotchipa mbali zonse, mtengo, kulimba, maonekedwe, ngakhale pa nkhani ya chilengedwe. Koma chabwino ndikunenacho mumve bwino, chifukwa mu mabelo a masiku ano mukubweranso zinyalala zambiri, ndipo apo mpomwe pali nkhondo yathu yeniyeni.

Tiyambe ndi chilengedwe chomwecho poti anthu ena amaona ngati ndi nkhani ya m'mawekishopu a ku nyanja. Tisheti imodzi ya thonje kuti ifike pathupi panu, kuyambira kumunda mpaka ku fakitale, akatswiri amati imadya madzi pafupifupi malita 2,700. Tangowerengani ndi zigubu za malita 20 zija timapanga nazo mzere pa mjigo kapena pa kiyosiki, ndi zigubu 135 pa katisheti kamodzi. Ukagula yomwe inasokedwa kale, madzi amenewo sakuonongekanso kachiwiri, thonje silikulimidwanso, utoto sukuthiridwanso mu mtsinje wa eni ake ku Asia uko. Nanga zotchipa zatsopano zija zonyezimira, zambiri ndi poliyesita, ndipo poliyesita ndi pulasitiki, m'bale wake wa jumbo ndi botolo la madzi, amachokera ku mafuta a pansi. Sichiola. Ukachitaya kuseri kwa nyumba chimakhala pomwepo zaka, ukachitentha chimasungunuka nkumadontha ngati phula, utsi wake mwana akukoka.

Palinso anthu amene amasoka zotchipazo. Pa 24 April 2013 nyumba yotchedwa Rana Plaza ku Bangladesh inagwa muli mafakitale osoka zovala, anthu oposa 1,100 anafa, ambiri azimayi, chonsecho dzulo lake ming'alu inali itaoneka kale pa makoma koma anauzidwa kuti alowe ntchito. Ukaona diresi latsopano likugulitsidwa motchipa kuposa nkhuku, dziwa kuti pali wina kwinakwake amene walipira ndi msana wake.

Za kulimba nde sindikufuna ngakhale kutsutsana ndi munthu. Chaka china pa Khirisimasi ndinapusitsidwa ndi kuwala kwa jinzi yatsopano mu shopu ina ya mu tauni, ili mu pulasitiki mwake, pepala likulendewera. Kuchapa koyamba madzi onse mu bafa buluu ngati inki, kachiwiri zipi yakana, sabata yachitatu ndikukwera minibasi pa siteji, phwee pakati pa miyendo, ndinayenda ulendo wonse chikwama chili pa ntchafu ngati ndanyamula ndalama za chipereganyu. Pomwe Levi's yomwe ndinatola pa mulu isanabwere Covid ndikuvalabe mpaka lero, yangofuwirira mokongola m'mawondomu. Chovala cha kaunjika chinayesedwa kale, wina anachivala nkuchichapa kambirimbiri, ngati chikadali bwino ndiye kuti mayeso chinakhoza.

Tsono ndikudziwa zomwe ena mukufuna kunena, ndipo si zopusa ayi. Mukuti kaunjika anapha mafakitale athu. Zoona pena pake. Amene anakula nthawi ya Kamuzu akukumbukira David Whitehead and Sons ku Blantyre, fakitale yomwe imalemba anthu masauzande, nsalu zake zimapezeka m'nyumba iliyonse, thonje la ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima lili ndi kopita pompano. Msika utatseguka m'zaka za m'ma 1990 katundu wakunja analowa ngati madzi osefukira, fakitale ija inafooka mpaka inagulitsidwa mu 2003 nkukhala Mapeto. Lero thonje lathu lambiri limatuluka losawomba, nde timagulanso malaya kuchokera kunja. Zimawawa, munthu wokonda dziko lake sangaseke nazo.

Koma kunena kuti wolakwa ndi mayi wogulitsa madiresi a ana pa Nsungwi nkuphonya. Fakitale imafuna magetsi osazimazima, imafuna ngongole ya chiwongoladzanja chopilirika, imafuna makina atsopano ndi foreksi yogulira zipangizo, nanga zimenezi anatilanda ndi kaunjika? Mutatseka mabelo mawa m'mawa, malo akewo sadzadzaza ndi malaya osokedwa ku Makata ayi, adzadzaza ndi poliyesita watsopano wochokera kunja konko, wosalimba, ndipo foreksi idzatulukabe. Ngakhale zitenje zomwe timanyadira Lachisanu, chiyambire kampeni ya Buy Malawi mu 2016, tangoyang'anani m'mphepete mwake muone kuti zingati zalembedwa kuti zapangidwa kuno.

Mayiko a kuvuma kwa Africa anayesapo. Mu 2016 anagwirizana kuti pofika 2019 akhale atasiya kulowetsa zovala zakale. America itaopseza kuti iwachotsa mwayi wogulitsa katundu mopanda msonkho pansi pa lamulo lake la zamalonda ndi mayiko a mu Africa lotchedwa AGOA, Kenya, Tanzania ndi Uganda anabwerera m'mbuyo, Rwanda yokha ndi imene inalimba mtima, inakweza msonkho kuchoka pa masenti 20 kufika madola 2.50 pa kilogalamu, ndipo mu 2018 America inaimitsadi mwayi wa Rwanda pa zovala. Nkhani imeneyi imandiphunzitsa zinthu ziwiri zomwe zimakokana. Choyamba, mabelowa si mphatso, ndi bizinesi yaikulu yomwe eni ake amaiteteza ndi mano, nde tisamawathokoze ngati atichitira chifundo. Chachiwiri, Rwanda sinangotseka chitseko nkukagona, inali ikukopa mafakitale osoka nthawi yomweyo, ndipo ngakhale choncho osauka anamva kuwawa kwa mitengo. Ife tikufuna titseke tilibe kanthu m'manja? Ku Uganda mu 2023 pulezidenti wawo a Museveni analengezanso kuti aletsa, akuti ndi zovala za anthu akufa, koma pitani ku msika wa Owino mu Kampala mukaone ngati milu inatha.

Za akufazo nanenso ndinakula ndikuzimva, agogo amati osavala usanachape ndi mchere. Zoona zake nzakuti zambiri eni ake ali moyo ndipo ali bwinobwino, anangotopa nazo, kapena ananenepa, kapena fashoni yasintha, nkukaziponya mu bini ya bungwe lachifundo. Mabungwewo amagulitsa pang'ono kwawo konko, zotsala amagulitsa kwa makampani osankha, amenewo amazigawa m'magiredi, kuzifinya ndi makina kukhala mabelo a makilogalamu 45 kapena kuposa, kumanga ndi malamba, kontena, sitima, doko la Beira kapena Dar es Salaam, thiraki, mpaka mu weyahausi ya mu Limbe kapena Lilongwe. DAPP, bungwe lachifundo logulitsa kaunjika, yomwe ili m'dziko muno kuyambira 1995, imayendanso njira yangati yomweyo, ndalama zake nkumathandizira ntchito ngati makoleji a aphunzitsi. Ndipo ngakhale mwini wake atakhala kuti anamwaliradi, jekete la malemu atate anu simunavale inu?

Amene akuganiza kuti kaunjika ndi nkhani yaing'ono akumbukire February 2025. Kwacha inali itagwa kale ndi 44 peresenti mu November 2023, madola akusowa m'mabanki, oitanitsa katundu akuti akugula pa bulaki, mtengo wa belo ukusintha ngati nyengo ya ku Mulanje, m'mawa wina madzulo wina. Mavenda a kaunjika ku Lilongwe, ambiri azimayi, anatseka mabenchi nkuyenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo, ndipo sipanatenge masiku nduna ya zamalonda inasinthidwa. Anthu amenewo samayendera fashoni. Mu belo limodzi muli lendi, fizi, ufa, ngongole ya banki mkhonde, wa wilibala amene walinyamula, mnyamata wokuwa "sankha wekha, sankha wekha, latsegulidwa lero", wochapa, wosita, telala. Ndani wina m'dziko muno akulemba ntchito anthu ochuluka chonchi popanda kufunsa satifiketi?

Koma apa tsopano mpomwe ndimasiyana ndi anzanga amene amangoyamikira kaunjika ngati alibe banga. Belo ndi juga. Mlamu wanga amapikula madiresi, ndipo tsiku lina ndinamuperekeza kukatenga katundu. Belo sulitsegula usanalipire, umangoona chizindikiro chakunja ndi mitundu yomwe ikuonekera mu pulasitiki, basi, mpamba wonse wapereka. Titafika kunyumba, kudula malamba, belo lija kufufuma, fungo lija la mankhwala lomwe aliyense amalidziwa kudzaza pabalaza, iye kuyamba kuponya uku ndi uku. Mulu woyamba wa zabwino zoti zibweze mpamba, kamulu kakang'ono. Wachiwiri wa zapakati. Wachitatu nde unangokulirakulira, zothimbirira mkhwapa, zong'ambika, zotanuka ngati legeni, nsalu zopyapyala zoti ukaziyang'anitsa padzuwa ukuona nyumba ya aneba, zina zikadali ndi pepala la mu shopu koma zosavalika. Sanalire, anangokhala pa mkeka nkuti "alamu, mwezi uno tagwira ntchito ya eni ake." Kubweza kulibe, kodandaula kulibe.

Chomwe chasintha nchakuti kwa azungu konko zovala zikupangidwa zambiri komanso zosalimba, makampani ngati Shein akutulutsa masitayilo atsopano tsiku ndi tsiku, munthu kuvala kawiri nkutaya. Zabwino kwambiri amazipatula okha nkugulitsana pa intaneti, ife kutitumizira makombo. Ku Accra ku Ghana, pa msika wa Kantamanto, bungwe la The Or Foundation limati pamafika zovala pafupifupi 15 miliyoni pa sabata ndipo pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zimathera kudzala, zina mpaka kukapiringizana m'mphepete mwa nyanja ngati zingwe. Ku Chile mu chipululu cha Atacama kuli mapiri a zovala zotayidwa. Ife sitinafike pamenepo koma dutsani pa mlatho wa Lilongwe pafupi ndi msika, kapena muyang'ane mu Mudi mvula yoyamba ikagwa, muone sanza zomwe zakola m'miyala limodzi ndi majumbo ndi matewera. Munthu wa ku Ulaya akaponya thumba mu bini ya zachifundo mtima wake umayera kuti wathandiza, osadziwa kuti wangosamutsira dzala lake kwa anthu omwe khonsolo yawo ilibe ngakhale magalimoto okwanira otolera zinyalala.

Nde m'malo mokuwa kuti tiletse kaunjika, bwanji osakuwa kuti tiletse zinyalala zobisala mu kaunjika? A Malawi Bureau of Standards alipo, a MRA ali pa chipata chilichonse, Mwanza, Dedza, Songwe, Mchinji. Chingavute nchiyani kuti belo lililonse lizilembedwa giredi yake moona, ndipo woitanitsa amene wagulitsa sanza m'dzina la giredi yoyamba azibweza ndalama kapena kulandidwa laisensi? Msonkho ukhale wolemera pa giredi yotsikitsitsa, wopepuka pa zabwino. Zamkati, makabudula amkati ndi zina zotero, ine ndingavomere zitaletsedwa kumene, pamenepo pokha ndimaima nawo onyoza aja, pali zinthu zina zosayenera kulandirana.

Koma nafenso ogula tili ndi matenda athu. Madzulo mitengo ikagwa, mnyamata akukuwa kuti yatsika yatsika, timatola zisanu ndi ziwiri chifukwa choti nzotchipa, kufika kunyumba ziwiri sizikukwana, imodzi ili ndi bowo, ina mtundu wake masana ukuoneka wina. Zimakakhala mu chikwama cha pansi pa bedi mpaka mphemvu zitamangamo mudzi. Kumeneko sikusamala ndalama, ndipo sikusamala chilengedwe, ndi khalidwe lomwe lija la azungu logula motaya, kungoti ife tikulichita ndi makombo awo. Ndalama ya zisanu ndi ziwiri zija ikanagula chimodzi chenicheni.

Kuona maso a nkhono nkudekha, pa mulu sipafunika changu. Pita m'mawa tsiku lotsegula belo, dziwana ndi wogulitsa mmodzi kapena awiri azikuimbira. Chovala chitembenuze, ona msoko ngati uli wowirikiza, koka pang'ono uone ngati ulusi ukuseka, yang'ana mkhwapa, kolala, pakati pa miyendo, yendetsa zipi kukwera ndi kutsika, pisa m'matumba, mwina mwayi ulipo, anthu anatolamo madola. Werenga kapepala ka m'mbali, thonje kapena bafuta ndi zomwe zimapirira sopo wathu ndi mwala wochapira, komanso sizikuphika mu October. Jinzi yeza m'chiuno pozunguliza pakhosi, njira yakale koma imagwira. Ukafika kunyumba viika, chapa, yanika padzuwa lenileni, sita ndi simbi yotentha, fungo la belo limachoka ndipo nkhani ya ziwengo imathera pomwepo.

Ndipo chinsinsi chachikulu chomwe anthu otchena amabisa ndi telala. Amene amati kaunjika anapha atelala sanakhalepo pakhonde la shopu Loweruka m'mawa. Wanga ndi mdala wina wa Singer yopalasa ndi phazi, tepi ili m'khosi, choko kukhutu, magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo theka la ntchito yake ndi kubweza kaunjika. Kuchepetsa chiuno, kudula miyendo, kusintha zipi, diresi la mayi wonenepa wa ku Texas kutulutsamo siketi ndi kabulauzi ka mwana, jinzi yotha mawondo kusanduka kabudula kapena chikwama cha sukulu, tizidutswa totsala azimayi ena amatenga kukaluka zopondera pakhomo. Atsikana ena ophunzira zosoka ayamba kuphatikiza jekete la jinzi ndi chitenje kumsana, nkumagulitsa pa Instagram mtengo woti sungakhulupirire. Ngati tikufuna mafakitale a zovala abwerere, mwina poyambira pake ndi pamenepa, pa anthu omwe ali kale ndi makina ndi makasitomala, osati kudikira nduna idzadule riboni.

Jekete la pa chinkhoswe lija nditalitola linali ndi mapewa ngati a goloboyi, manja ofika ku zala, batani limodzi kulibe. Mdala uja analiyang'ana, kulitembenuza, kununkhiza nsalu, amvekere "mwana wanga, uwu ndi ubweya weniweni, amene anataya izi analodzedwa." Analisunga masiku atatu, tsiku lachiwiri ndinamupeza atalimasula lonse mkati, ndinachita mantha. Lachitatu linandikhala ngati anandiyeza ndisanabadwe. Mabatani anachotsa onse nkuika ena anayi ofanana ochokera mu chitini chake.

Sabata yatha mkulu wa bulauzi uja wanditumizira meseji usiku, atayamba ndi moni wautali ndi kufunsa za ana. Kumapeto kwake akufunsa kuti mu Limbemo mabelo a majekete amatsegula tsiku lanji, komanso ngati ndingamupatse nambala ya telala wanga. Mdala alibe foni, ndamuuza kuti tipitire limodzi Loweruka, koma abwere atavala zoti atha kuwerama nazo.